A khonsolo andilembera kalata pa nkhani ya zikwangwani za pa saluni yanga, mawu alembamowa ndiye kuti chani?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa saluni m'tauni, ndaudulako pang'ono koma mfundo zake ndi zomwezi:

"Bambo ndithandizeni. Ndili ndi saluni komanso ndimagulitsa zodzoladzola ndi mayunitsi, ndimapanga lendi chipinda cha kumsewu, chaka chino ndi chachitatu. Sabata yatha kunabwera anthu a khonsolo kudzandisiyira kalata yachingerezi yoti zikwangwani zanga zilibe chilolezo. Alembamo mawu oti fascia sign, projecting sign, illuminated, A-board, directional sign ndi third party advertisement. Ine ndimadziwa kuti chikwangwani ndili nacho chimodzi, cha dzina la saluni pamwamba pa chitseko. Zinazo ndi tizinthu chabe, kabokosi koyaka usiku kotulukira kumsewu, kabolodi ka mitengo komwe ndimaimika panja m'mawa, kamuvi komwe ndinazika pamphambano kolozera kuno, ndi khoma lomwe a kampani ya foni anandipentera ulele. Layisensi ya bizinesi ndimalipira chaka ndi chaka osaphonya. A landilodi akuti ndingokhala chete atopa okha. Kodi angandizuliredi? Nanga mawu amenewa akutanthauza chani?"

Mayi, choyamba mtima pansi. Kalata imeneyi si samani ya kukhoti ndipo palibe chomwe mwaba, ndi kalata yomwe anthu ambiri a mabizinesi amalandira khonsolo ikayamba kuyenda khomo ndi khomo kuwerenga zikwangwani. Ine ntchito ya zikwangwani ndaigwira zaka zoposa 20, ndinayamba ndi bulashi ndi kachitini ka penti kulemba pa magolosale ndi pa zigayo, kenako kunabwera ma sticker odula pa kompyuta, mabokosi oyaka aja, mpaka mabilibodi a m'mbali mwa msewu, ndipo masiku ano theka la ntchito yanga si kupenta ayi koma kuyenda ndi mafomu a makasitomala ku ofesi ya mapulani. Ndiye makalata ngati anuwa ndawawerenga ambiri ndipo nkhani yanu ndi yotheka kukonza. Koma malangizo a alandilodi oti mungokhala chete aja chonde musawatsate. Tsiku lobwera lole ya khonsolo iwo sadzakhalapo, chikwangwani chokwezedwa mu lolecho chidzakhala chanu, ndipo ndalama yokachiwombolera idzatuluka m'thumba mwanu.

Tiyambe ndi layisensi poti apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. Layisensi ya bizinesi imakulolani kuchita malonda pamalopo, basi. Kuika chinthu choti anthu odutsa mumsewu achione ndi nkhani ina, imagwa m'malamulo a mapulani a malo. Lamulo lalikulu pano ndi Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988, ndipo m'malamulo amenewa kuika chotsatsa malonda kumafuna chilolezo monga momwe kumanga nyumba kapena kugawa poloti kumafunira. Pamwamba pa apo Local Government Act la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo, aja amati ma by-law, ndi kutolera ndalama, nchifukwa chake mitengo ya ku Lilongwe siifanana ndendende ndi ya ku Blantyre, Mzuzu kapena Zomba. Chinanso, mawu oti advertisement kwa anthu a mapulani ndi otambalala kuposa momwe ife timaganizira. Ife tikamva advert m'mutu mumabwera chibilibodi cha banki pa Chipembere Highway. Iwo liwu lililonse, chithunzi, bolodi, nsalu, muvi, ngakhale penti ya pakhoma, bola chaikidwa kuti chitsatse, chilengeze kapena chilozere anthu njira, ndi advertisement. Ndiye pomwe inu mukuwerenga chimodzi iwo awerenga zisanu, ndipo kunena chilungamo sanalakwitse kuwerengako.

Kuti mawu onsewa amveke, dziwani momwe munthu wa mapulani amayang'anira chikwangwani. Iye sasamala kwenikweni kuti mwakongoletsa bwanji. Akaima patsogolo pake amadzifunsa kuti chagwira pati, pakhoma, padenga kapena chaima pachokha, chili m'poloti yanu kapena chalowa m'malo a msewu, chikutsatsa malonda a pamalo pomwepo kapena a munthu wina, ndi chachikulu bwanji, chimayaka kapena ayi, chikhala sabata ziwiri kapena zaka. Mayina achingerezi aja ndi mayankho chabe a mafunso amenewa. Ndipo dzina lomwe alemba pa fomu ndi lomwe limanena ndalama yomwe mulipire komanso ofesi yomwe iyenera kuvomereza, nchifukwa chake ndimauza makasitomala anga kuti asasaine fomu asanamve dzina lomwe chikwangwani chawo chapatsidwa.

Fascia sign ndi chija cha dzina la saluni pamwamba pa chitseko. Akalipentala amadziwa fascia board, thabwa lija lotseka kumapeto kwa malata kumaso kwa nyumba, dzinali lachokera pamenepo. Ndi chikwangwani chogona chafulati kumaso kwa shopu, pakati pa chitseko ndi denga. Chimenechi ndiye chosavuta kuvomereza pa zonse muli nazo chifukwa aliyense akudziwa kuti shopu imafunika dzina. Zomwe amayang'ana ndi zoti chisatseke mawindo kapena mipata ya mpweya, chisalowe kumaso kwa shopu ya mnzanu woyandikana naye, ndipo chisapitirire denga. Chikangokwera pamwamba pa malata dzina limasintha, chimakhala roof sign, ena amati sky sign, ndipo pamenepo mafunso amachuluka chifukwa cha mphepo. Chikakhala pakhoma la m'mbali amati wall sign, zomata pa galasi amati window sign. Zonsezi ndi banja limodzi.

Projecting sign ndi kabokosi kanu kaja kotulukira kumsewu. Kusiyana kwake ndi fascia ndi koti iko sikagona pakhoma, kamatuluka ngati dzanja kuti munthu wochokera kumtunda kapena kumunsi akaone. Pa malonda ndi kabwino kwambiri, ine ndimakakonda, koma kamalendewera pamwamba pa mitu ya anthu ndiye khonsolo ili ndi chifukwa chofunsira. Amafuna kudziwa kutalika kwake kuchokera pansi ndi kuti katuluka mpaka pati. Ine sindimangirira chinthu chotero pansi pa mamita 2.5, ndimaganiza za mayi wosenza beseni la tomato pamutu, wa kabaza wonyamula matumba a makala, ndi kalole kobweretsa katundu komwe kamayandikira khonde. Chinanso chomwe anthu saganiza ndi khoma lenilenilo. Nyumba zambiri za m'makwalala mwathumu njerwa zake anamangira dothi n'kupaka pulasitala pamwamba, mabawuti amaoneka ngati agwira koma mvula ziwiri zitatu amayamba kugwedera. Ndinaitanidwapo kukakonza chikwangwani cha shopu ina chomwe chinagwa m'mawa kutangotsala pang'ono kuti ana a sukulu ayambe kudutsa, mabawuti anatuluka ndi zidutswa za njerwa zomwe, ndipo mpaka lero ndikafika pamalo ndimayamba ndagogoda khoma ndisanatchule mtengo. Kanu kaja kagwireni mukagwedeze, muone ngati zitsulo zake sizinachite dzimbiri. Chikalendewera kunsi kwa khonde, ngati mashopu akale a ku Limbe kapena a mu Malangalanga Road ku Lilongwe, amati under-canopy sign kapena verandah sign, mafunso ake ndi omwewo.

Illuminated si chikwangwani china ayi, akungonena kuti kabokosiko kamayaka. Pali choyaka mkati ngati chanucho, pali chowalitsidwa ndi getsi la panja, ndiye pali zothwanima ndi zoyenda mawu zija. Choyaka mwakachetechete sichivuta. Zothwanima ndi zomwe amakana kawirikawiri, makamaka pafupi ndi mphambano kapena maloboti, chifukwa kuwala kofiira kapena kobiriwira usiku kumasokoneza dalaivala, komanso kumalo okhala anthu aneba amadandaula kuti sakugona. Ine chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri pa mabokosi amenewa ndi mawaya. Ndaona ambiri atalumikizidwa ndi waya wa wailesi wokulungidwa ndi pepala la pulasitiki, bokosi lachitsulo, lopanda earth (waya woteteza wopititsa magetsi pansi), mvula ikulowa. Mwana akatsamira chitsulocho nkhani yake siikhalanso ya khonsolo. Itanani wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loona za magetsi ndi mafuta a galimoto, aone, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe zingachitike.

A-board ndi kabolodi ka mitengo kaja, dzinali labwera chifukwa kakaima kamaoneka ngati chilembo cha A, ena amati sandwich board. Timeneti ndi tomwe timanyamulidwa msanga chifukwa sitifuna khasu kapena sipanala, munthu amangotola n'kuponya mu lole. Vuto lake ndi pomwe kaima. Kakakhala pakhonde lanu m'kati mwa malire a poloti nkhani imachepa, koma kakakhala panjira ya anthu oyenda pansi ndiye kuti mwatseka njira ya anthu onse, munthu wosaona amapunthwa, wa njinga ya olumala amakakamizika kutsikira mumsewu momwe mukuthamanga maminibasi. Apa ine ndili mbali ya khonsolo, sindibisa. Kabwezeni pakhonde, kapena mitengoyo muimate pa galasi.

Tsopano kamuvi ka pamphambano, directional sign, apa ndiye pali nkhani ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Msewu si phula lokha. Mbali zonse ziwiri kuli malo omwe boma linasungira msewuwo, amati road reserve, osungira ngalande, mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi a intaneti, komanso kuti tsiku lina msewu udzakulitsidwe. Pa misewu ikuluikulu ya M, monga M1, malo amenewa ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, misewu ing'onoing'ono ndi ocheperapo. Malo amenewa si anu, si a landilodi, si a mfumu ya m'deralo. Ndiye munthu akakuuzani kuti zikani apa palibe vuto ndi kutsogolo kwa nyumba yanga, chilolezo chakecho sichigwira ntchito. Misewu ikuluikulu imayang'aniridwa ndi Roads Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, pomwe misewu ya m'kati mwa mzinda yambiri ili m'manja mwa khonsolo, ndiye funso loyamba ndi loti mphambano yanuyo ili pa msewu wa ndani. Ikakhala ya pa msewu waukulu mutha kupeza kuti pakufunika mawu a mbali zonse ziwiri.

Anthu amaona ngati ndi nkhanza koma taimani pamphambano iliyonse ya m'tauni muwerenge timivi tomwe tilipo, ka sukulu ya mkaka, ka tchalitchi, ka loji, ka garaja, ka sing'anga, tonse titapanikizana pakona pomwe dalaivala wotuluka mumsewu waung'ono amayenera kuona galimoto yobwera. Amakakamizika kutulutsa mphuno ya galimoto mumsewu waukulu kuti aone, ngozi zina zimayambira pomwepo. Pokumba dzenje la kamuvi anthu aboolapo mapaipi a madzi, ena adulapo waya wa intaneti, ndipo bilu yake imapita kwa mwini dzina lolembedwa pa kamuviko, poti nambala ya foni mumalembapo nokha. Komanso munaona momwe zinayendera ku Lilongwe pokulitsa Kenyatta Drive, Mzimba Street ndi M1 kuchokera pa Crossroads kulowera ku Kanengo, chilichonse chomwe chinali m'njira ya ntchitoyo chinayenera kuchoka. Chinthu chozikidwa mu road reserve popanda pepala musayembekezere kuti wina adzakulipirani chikadzazulidwa.

Pomwepanso ndinene za zikwangwani za pamsewu zenizeni, zija zozungulira za mkombero wofiira zolamula, za makona atatu zochenjeza, ndi zobiriwira zolozera mizinda. Zimenezo si zotsatsa ndipo zili ndi malamulo akeake ofanana m'maiko a SADC. Musamangirire kamuvi kanu pa chitsulo cha chikwangwani cha pamsewu, musakatengere maonekedwe ake, ndaonapo wina atapanga chofiira cha makona 8 ngati cha STOP n'kulembapo kuti imani mugule nyama, chimenecho ngakhale ine nditakhala wa khonsolo ndingazule tsiku lomwelo. Mapolo a ESCOM ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu nayonso si malo okhomapo. Ngati saluni yanu ili mkati moti popanda muvi anthu sangafike, pemphani chilolezo mwadongosolo akuuzeni malo oyenera, kapena gwirizanani ndi anzanu a mabizinesi a mumsewu womwewo mupemphe chikwangwani chimodzi cha mizere ingapo aliyense mzere wake, chimaoneka bwino ndipo mtengo mumagawana. Koma poti mwanena kuti chipinda chanu ndi cha kumsewu ndipo makasitomala a saluni ambiri amabwera pouzana, ine ndikuona kuti location ya pa WhatsApp ikugwirirani ntchito yomweyo popanda kulipira chaka ndi chaka.

Third party advertisement ndi khoma lija la kampani ya foni, ndipo ndikuganiza kuti pa bilu yonse yomwe angakupatseni chachikulu chidzakhala chimenechi. Anthu a mapulani amagawa zotsatsa pawiri. Pali zonena za bizinesi yomwe ikuchitika pamalo pomwepo, amati on-premise kapena first party, ngati dzina la saluni yanu. Ndiye pali zotsatsa malonda a munthu wina amene sali pamalopo, ndiye third party imeneyo. Zachiwirizi amaziona ngati bizinesi payokha, m'bale wake wa bilibodi, ndipo malamulo ake ndi mitengo yake zimakhala zokwererapo. Tsono taonani masamu ake. Ndalama ya chikwangwani kawirikawiri amawerengera kukula, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi. Fascia ya mamita 3 ndi masentimita 60 ndi masikweya mita 1.8 okha. Khoma la mamita 5 ndi mamita 3 ndi masikweya mita 15, kuposa fascia ija kasanu ndi katatu. Ndiye penti yomwe munalandira ngati mphatso ija kwa a kampaniyo ndi bilibodi yotchipa, inu munapeza khoma lowala, iwo anapeza anthu masauzande owerenga dzina lawo tsiku ndi tsiku.

Woyenera kulipira chotsatsa chimenechi ndi mwini malondawo, koma kalata imafikira amene apezeka pakhomo. Chitani izi. Imbirani munthu wa kampaniyo amene amakubweretserani mayunitsi kapena amene anabwera ndi openta, mumuuze kuti khonsolo ikufuna chilolezo cha khomali, akupatseni kope la chilolezo kapena lisiti yosonyeza kuti iwo analipira. Makampani akuluakulu nthawi zambiri amapatsa ntchito yopentayi kampani ina yotsatsa malonda, ndiye pepala limatha kukhala kumeneko, limbikirani mpaka lipezeke. Ngati munasainirana kapepala kalikonse nthawi imeneyo kafufuzeni muone kuti udindo wa ndalama za khonsolo anaupereka kwa ndani. Palinso mfundo yomwe mungakambe nawo a khonsolo, poti inu mumagulitsadi mayunitsi a kampaniyo pamalopo, kachikwangwani kakang'ono konena kuti mayunitsi alipo kangawerengedwe ngati ka bizinesi yanu. Koma khoma lonse lathunthu ndi mtundu wa kampani mfundo imeneyi siifika patali. Pepala likapanda kupezeka, chitini chimodzi cha penti chimathetsa nkhani, bola muwauze kaye alandilodi poti khoma ndi lawo. Ndipo ulendo wina akadzabwera ena ndi penti yaulele, funso loyamba likhale loti za khonsolo alipira ndani, yankho lake alembe. Paja safunsa adadya phula.

Mawu ena simunawatchule koma mudzakumana nawo pa fomu. Freestanding sign kapena ground sign ndi choima pachokha pa zitsulo zake, chikakhala chachitali ngati za pa filling station zolemba mitengo ya mafuta amati pylon. Billboard mukuidziwa, gantry ndi chija chodutsa pamwamba pa msewu mbali ndi mbali. Zimenezi sizivomerezedwa popanda zojambula za injiniya ndipo mpake, bolodi ya mamita 6 ndi mamita 3 ikawombedwa ndi mphepo ya makilomita 100 pa ola imakankhidwa ndi mphamvu yoposa tani imodzi, kuposa matumba 20 a simenti, ndipo mphepo zoyamba ndi mvula mu Novembala zija timaona zomwe zimachita ndi madenga a masukulu. Temporary sign ndi za kanthawi, nsalu zija amati banner, maposita a msonkhano wa chitsitsimutso kapena a dansi, za kampeni ya chisankho. Izi chilolezo chake chimakhala cha masiku owerengeka ndipo woika ndi amene ayenera kuchotsa. Mukadzafuna kupachika nsalu ya promotion ya Khrisimasi kumbukirani zimenezi.

Pali chinthu chimodzi chomwe kalatayo mwina sinatchule koma ndikufuna muchidziwe musanapite ku ofesi, chifukwa ndi chomwe chimatha kukula kuposa zikwangwanizo. Mzinda unagawidwa m'magawo, kwina ndi kwa nyumba zokhalamo, kwina kwa mashopu, kwina kwa mafakitale ngati Kanengo kapena Makata, ndiyo zoning imeneyo. Chikwangwani chomwe ndi chololedwa pa malo a malonda chimatha kukanidwa kumalo okhala anthu, kumene amangolola kabolodi kakang'ono ka dzina, name plate. Ndiye ngati chipinda mukupanga lendicho chili pa poloti yomwe m'mabuku ndi ya nyumba yokhalamo, alandilodi anangoboola chitseko chakumsewu n'kuyamba kutolera lendi, fomu yanu ya chikwangwani ikhoza kudzutsa funso la change of use, kutanthauza chilolezo chosintha ntchito ya malowo. Umenewo ndi udindo wa mwini poloti osati wanu. Sindikunena kuti ndi momwe zilili, koma mwini nyumba akamalimbikira kuti musapite ku khonsolo ine ndimayamba kufunsa za mapepala a nyumbayo. Afunseni mwaulemu, bambo kodi malo ano m'mapepala ndi a malonda? Yankho lake likuthandizani kudziwa ngati ndi nzeru kuthira ndalama zambiri pa zikwangwani za pamalo amenewo.

Tsopano zochita. Werengani kalatayo muone masiku omwe akupatsani ndi mutu wake. Ikakhala yongokukumbutsani kuti mukalembetse ndi kulipira, imeneyo ndi yopepuka. Ikakhala kuti pamwamba alemba enforcement notice ndiye kuti ndi chidziwitso cha lamulo, chimanena chomwe mwalakwitsa, chomwe muchite ndi tsiku lomaliza, ndipo tsikulo likadutsa ali ndi mphamvu yochotsa okha n'kukulipiritsani ntchito yochotsayo. Mulimonsemo pitani masikuwo asanathe. Jambulani chikwangwani chilichonse pa foni, chapafupi ndi chapatali chooneka msewu, yezani ndi tepi mulembe miyezo papepala, tengani layisensi yanu, kalata ya alandilodi yovomereza kuti muike zikwangwani pa nyumba yawo, ndi nambala ya poloti. Mukafika funsani ofesi ya mapulani, osati ya malayisensi. Pemphani akuonetseni mndandanda wa mitengo wa chaka chino wolembedwa, chifukwa mitengo imasintha ndi bajeti ndipo chaka cha boma pano chimayamba pa 1 Epulo. Funsani ngati kabokosi ka nkhope ziwiri akuwerenga nkhope imodzi kapena zonse, kusiyana kwake ndi ndalama kuwirikiza. Funsaninso kuti ndalama yofunsira chilolezo ndi iti, ya chaka ndi chaka ndi iti, kuti chaka chamawa musadzadabwe. Miyezo yawo ikasiyana ndi yanu pemphani abwere adzayeze muli pomwepo, ndi ufulu wanu ndipo ndaonapo bilu ikutsika chifukwa cha tepi basi.

Ndalama perekani ku kauntala ya khonsolo kapena ku banki yomwe akuuzani, mutenge lisiti yokhala ndi chidindo. Munthu aliyense wobwera pa shopu n'kunena kuti mungondipatsa ya fanta nkhaniyi ithere pompano, kanani. Kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe, komanso sikuthetsa kanthu, mwezi wamawa kubwera wina ndipo m'mabuku mudzakhalabe kuti simunalipire. Kope la chilolezo ndi lisiti muziike mu pulasitiki zizikhala mu saluni momwemo, atsikana anu adziwe pomwe zili, chifukwa oyendera amabwera tsiku lomwe inu mwapita kukaoda katundu.

Nkhani yanuyi momwe mwaifotokozera mutha kuiyendetsa nokha, simukufunika loya. Thandizo lapadera mudzalifune zinthu zikafika apa: akakukanirani chilolezo ndipo mukuona kuti sizinayende bwino, pemphani chifukwa chake cholembedwa, lamulo limapereka mwayi wa apilo koma umakhala ndi masiku ake ndiye musachedwe kuonana ndi katswiri wa mapulani wolembetsedwa kapena loya. Nkhani ya change of use ikatuluka, alandilodi ndi amene apeze katswiri wa mapulani. Mukadzafuna chikwangwani chachikulu choima pachokha kapena cha padenga, injiniya ajambule kaye, wowotcherera abwere pambuyo. Ndipo chikwangwani chikadzagwera munthu kapena galimoto, Mulungu aletse, pamenepo pitani kwa loya tsiku lomwelo. Poti mumagulitsa zodzoladzola ndiwonjezere kuti chilolezo cha khonsolo ndi cha malo ndi kukula, sichikutetezani pa zomwe mwalemba. Mawu onena kuti mafuta awa amachiza matenda akutiakuti amagwa m'manja mwa bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo kutsatsa kosocheretsa ogula a bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission amakulondola.

Saluniyo ikanakhala ya mlongo wanga ndikanamuuza kuti kabolodi kalowe pakhonde lero lomwe, kamuvi akazule yekha mawa m'mawa asunge chitsulocho, nkhani ya khoma aipereke kwa a kampani ndi kuwapatsa sabata imodzi, ndiye akalembetse ziwiri zokha, fascia ndi kabokosi koyaka, atakaonetsa kaye kwa wamagetsi. Ndalama yomwe yapulumuka pa zinazo aikonzere fascia yo. Zambiri zomwe ndimaona pa masaluni zimadzaza mawu, dzina, mawu a m'Baibulo, masitayilo khumi, manambala atatu a foni, zonse tizilembo tating'ono tosawerengeka uli tsidya la msewu. Muyezo womwe timagwiritsa ntchito ndi woti masentimita 2.5 a kutalika kwa chilembo pa mamita 3 aliwonse omwe wowerenga waima, ndiye ngati mukufuna munthu wa mu minibasi pa mamita 30 awerenge bwinobwino, zilembo za dzina zikhale masentimita 25, mtundu wowala pa wakuda kapena wakuda pa wowala, pansi pake mawu oti saluni ndi nambala imodzi ya foni. Mukapita ku ofesi kuja mundilembere zomwe akuuzani pa za khomalo, ndipo ngati pa fomu pali dzina lina lomwe sitinalikambe pano mulijambule munditumizire musanasaine.